Dzina pa Bwato la Che Jamali

Lachiwiri, 9 Januwale

Nyanja yatsekedwa, mathandala oyanikapo nsomba ali mbee. Manja akundiyabwa. Zaka khumi ndi zisanu ndikuyanika matemba pano pa Kachulu, koma nyengo ino ikangofika, maganizo omwe aja. Zojambula. Ku pulayimale aphunzitsi ankatuma ine kujambula mapu pa bolodi. Kenako ukwati, ana, nsomba.

Lero ndapeza chitini cha penti wabuluu, wotsala pomwe amuna anga, bambo a Asha, ankapenta chitseko. Ndalemba TAKULANDIRANI pakhoma la khitchini, maluwa uku ndi uku. Burashi ndilibe, ndagwiritsa mswachi wakale. Rahima, mng'ono wanga, akuti maluwawo akuoneka ngati kabichi. Wopanda ulemu. Taseka mpaka misozi.

Lachisanu, 12 Januwale

Alamu anga Che Jamali anadutsa pochokera ku mzikiti. Anaima pakhoma paja nthawi yaitali. "Alamu, walemba izi ndani?" Sanakhulupirire mpaka nditawaonetsa zikhadabo zabuluu. Bwato lawo latsopano lili kumtunda, lopanda dzina. Mkulu amene ankalemba mabwato kuno anapita ku Joni. Akuti ndilembe ine, penti agula okha. Dzina lake: OSANDITSATIRA.

Ndavomera ndisanaganize. Mtima sunakhazikikebe.

Bambo a Asha: "Mzimayi kukagwada kudoko pakati pa asodzi? Akakusekani musadzalirire ine." Sanaletse. Kwa iwo kumeneko ndiye kuvomera.

Lolemba, 15 Januwale

Manyazi!

Ndinayamba bwino. O wamkulu, wonenepa, wofiira. Asodzi osoka maukonde anasiya ntchito kudzaonerera. Pofika pa TSA, bwato latha. OSANDITSA. Zilembo zinayi zotsalazo ndazipanikiza pansi pake, ting'onoting'ono ngati nyerere. Wina n'kufuula, "Che Jamali, bwato lafupika ili, onjezerani thabwa!" Doko lonse phwete. Che Jamali okha sanaseke. Anangovala chipewa n'kumapita.

Mpunga wamadzulo wandikanika.

Lachitatu, 17 Januwale

Mvula dzulo lonse. Penti wayenderera, O wanga akulira misozi yofiira. Matabwawo kani anali onyowa. Che Jamali auza mbale wawo, bambo a Asha, osati ine, kuti angopakapo phula iwalike nkhaniyo. Ndapempha milungu iwiri. Avomera mokakamizika.

Rahima akuti pa Songani pali bambo wina wolemba zikwangwani za masitolo, a Brighton. "Pitani, achemwali. Akakukanani mungogula tomato n'kubwerako."

Loweruka, 20 Januwale

Minibasi mpaka Zomba, ina mpaka Songani. M'manja kathumba ka mpunga, mufoni chithunzi cha tsoka langa.

A Brighton: achikulire, aafupi, magalasi omanga ndi ulusi. Kashedi kawo kali kuseri kwa msika. Ataona chithunzi anaseka mpaka kutsokomola. Ndinafuna kutuluka. Kenako anakuza chithunzicho, kuyang'anitsitsa S. "Dzanja muli nalo, mayi. Chimene mulibe ndi chingwe ndi choko."

Ndilembe ndisaiwale. Kupala thabwa ndi sandipepa. Liume gwa. Penti woyera pansi, aumenso. Kuyeza ndi chingwe, kugawa malo a chilembo chilichonse ndi choko. Burashi pamapeto penipeni.

Tsiku lonse chilembo A pa makatoni. A, A, A mpaka maso kuchita chidima. Andipatsa burashi yawo yakale, yaphwatalala, akuti ndizibwera Loweruka. Mu minibasi pobwerera ndinkaigwiragwira m'chikwama ngati wina andilanda.

Loweruka, 27 Januwale

A Brighton andilola kulemba mawu amodzi pa chikwangwani chenicheni cha kasitomala: CHIGAYO. G anandivuta. Anayang'ana, osakonza kalikonse, n'kupitiriza kumwa tiyi wawo. Ndinatsala pang'ono kululutira.

Matenda atsopano: sindingadutse chikwangwani osachiwerenga. Mu Zomba monse ndimangoona apa anayeza, apa sanayeze. Kondakitala anachita kundikoka kuti ndikwere.

Ndikanayamba ndili mtsikana bwenzi pano ndili ndi kashedi kangakanga, dzina langa pamwamba. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Basi, ndayambira pomwepa.

Lachiwiri, 30 Januwale

Kupala bwato masiku awiri. Matuza m'manja. Rahima wagwira chingwe kwinaku akutukwana aliyense wobwera ndi nthabwala za thabwa. Malo khumi ndi atatu a choko, ndawerenga katatu.

Chakumasana mitambo bii kuchokera ku phiri. Ndikuti kwatha, zibwerezanso. Ndikucheuka, bambo a Asha akubwera ndi lona lawo lofunditsira mpunga. Afunditsa bwato, atsindira ndi miyala, n'kumapita. Kunyumba ndawathokoza. Akuti amangodutsa. Kungodutsa ndi lona paphewa!

Lachisanu, 2 Febuluwale

Latha. Alhamdulillah.

Zilembo zachikasu, mthunzi wofiira, pansi poyera. Zonse mumzera umodzi, malo n'kutsalako. Che Jamali azungulira bwato kawiri, kuwerenga mokweza chilembo chimodzichimodzi ngati mwana wa sitandade wani. Kenako: "Alamu Zuwena, lembani dzina lanu pangodya apa, anthu adziwe." Ndalemba, kuyambira Z mpaka A.

Uja ananena za thabwa wabwera madzulo, chipewa m'manja. Bwato lake nalo likufunika dzina. Ndamuuza abwere mawa, ndione kaye ngati ndili ndi mpata. Mpata ndili nawo wambiri. Kungofuna adikireko.

Lachinayi, 22 Febuluwale

Kope ili ndinaliiwala. Mabwato asanu ndi limodzi! Msana ukuwawa, nsalu zonse madontho, ngakhale mandasi akumveka penti. Wina anafuna dzina la mkazi wake, m'mawa mwake wabwera kuti ndifufute, ayambana. Ndamuuza adikire masiku atatu. Agwirizana, dzina lilipobe.

A Brighton akuti R wanga tsopano waima ndi miyendo iwiri.

Koma nyanja itsegulidwa sabata yamawa. Amayi a ku Zomba amene amapikula matemba kwa ine ayamba kale kuimba foni. Nsomba ndiye zimatidyetsa, zimenezo sindingakane. Mabwato akalowa m'madzi, ndilembanso chiyani? Burashi ibwerere m'chikwama mpaka Disembala? 

Lolemba, 26 Febuluwale

Kwabwera mayi wina wa pa chilumba cha Chisi, Mayi Chifundo. Ali ndi golosale ndi tiyirumu. Anaona mabwato kudoko, anafunsa wolemba, anthu n'kumulozera kwathu. Akufuna dzina la golosale pakhoma, ndi mndandanda wa zakudya. Akuti oyandikana nawo awiri akufunanso. Ntchito ya masiku atatu kapena anayi, ndikagona kwa iwo. Akufuna Loweruka lomwe lino, asodzi asanachuluke.

Loweruka lomwe lino ndiye matemba oyamba.

Bambo a Asha nkhope gwa. "Nsomba zoyamba ndi zimene zimakhala ndi mtengo, mukudziwa inu." Ndikudziwa. Rahima akuti mathandala awasamala yekha, amayi a ku Zomba awalandira yekha. Iye amaumitsa bwino kuposa ine, kungoti sindinamuuzepo.

 Ndatsuka maburashi, oyera kale.

Lachinayi, 29 Febuluwale

 Lero m'mawa bambo a Asha, akumwa tiyi, osandiyang'ana: "Mukapita tsidya lija mukalembe zowongoka. Musakatichititse manyazi kwa eni chilumba."

Ndawathirira shuga wina mu tiyi. Akuti ndawaonongera.

Loweruka, 2 Malichi

M'bwato la ku Chisi. Ndikulembera pabondo, zilembo zikuvina.

Kudoko kunali chipwirikiti. Matemba mbwee, mabeseni, ntchentche, kukuwa. Fungo lija linandigwira pamtima, miyendo inafuna kubwerera yokha ku mathandala. Rahima anali atayamba kale kumwaza, osacheuka n'komwe. Ndinalirako pang'ono, ndinanamizira mphepo.

Zitini zitatu za penti pakati pa miyendo, chingwe, choko. Bambo wina wokhala pafupi, wonyamula njinga, wandifunsa kuti mayi mukukagulitsa chiyani. Ndamuyankha, "Sindigulitsa, bambo. Ndine wolemba zikwangwani." Mawuwo angotuluka okha, koyamba. Sanaseke. Wapempha nambala, akuti mchimwene wake ali ndi barbershopu.

Tayandikira. Phiri lonse lobiriwira. Mayi Chifundo ali pagombe, akukupiza nsalu. Golosale yawo ndi iyo kumtunda, khoma loyera, lalitali, ndipo atsamiritsapo kale makwerero. Makwerero! Za makwerero a Brighton sanandiuzepo. Chibadwire sindinakwerepo, nanga nsaluyi ndiimanga bwanji, chitini ndichigwira ndi dzanja liti? Ndikuseka ndekha ngati wamisala. Woyendetsa akuti aliyense agwire katundu wake, titsikira m'madzi, ndiye kopeli