Nsalu Zafika, Wodula Palibe

Lachinayi, pa 12 Juni

Okondedwa mng'ono wanga,

Ndalemba kalatayi masana ano, ndili m'chipinda chathu chosokera kuseri kwa holo. Amene alipo ndi awa: mayi a mapasa, aphunzitsi opuma aja, ndi mnzathu wolongolola uja Wailesi, amene ndamuuza kuti atseke pakamwa mpaka nditamaliza. Onse akupereka moni. Zilembo zakula chifukwa cholemberachi n'choipa.

Nkhani ndi iyi. Bungwe lija tinalipempha thandizo musanadwale layankha. Thandizolo ndi lochepa, koma lakwanira kukonzetsa makina aja anafa, kugula ulusi, ndiponso nsalu zatsopano zamphumphu. Tinalonjeza kusoka zofunda za ana ogonekedwa m'chipatala. Mtsikana wa kubungweko abwera kutha kwa mwezi wamawa kudzaona ntchito. Wanena mwaulemu kuti akadzapeza sitinayambe, nsaluzo zidzapita ku gulu lina limene likudikira. Sindikumuda, ndi malamulo awo.

Sitinayambe.

Mukudziwa kuti moyo wathu wonse takhala tikusoka zigamba zotola pansi pa tebulo la atelala, ndi misana ya malaya akutha. Chigamba ukachilakwitsa, umatola china. Tsopano nsalu zili patebulo, zikununkhira sitolo, ndipo amayi akuluakulu akungozizungulira ngati khanda la eni. Amazisisita, amazipinda bwinobwino, n'kubwerera ku thumba la zigamba.

Ndinapereka sizasi kwa mayi a mapasa. Anaigwira, n'kuibweza.

"Mayi, dzanja likukana," anatero. "Nsalu yonga iyi ine ndinaivala tsiku la ukwati basi. Lero ndiiduledule?"

Wailesi anati, "Tiyeni tingozivala. Mtsikanayo akabwera tidzati ntchito ndi imeneyi, tayang'anani mmene tatchenera."

Aphunzitsi anayeza ndi tepi, anayezanso, anapukuta magalasi, anayezanso, mpaka nthawi yoweruka inakwana.

Apo m'pamene tinazindikira kuti zaka zonsezi wodula munali inu nokha. Ife tinali olumikiza chabe.

Choncho Lolemba ndinadula ndine, pakuti mtsogoleri sathawa. Ndinatenga yobiriwira yamaluwa, ndinalemba mzere ndi choko, ndinadula. Nditamaliza, amayi onse anaweramira nsaluyo. Kenako Wailesi, amene sadziwa kusunga mawu, anati, "Mayi, mzere uli uku, inu mwadutsa uko. Komanso imeneyo si yobiriwira." Wina anamuponda phazi pansi pa tebulo. Ndinamva akudandaula.

Ndinawauza kuti windo la chipinda chino ndi laling'ono, ndipo choko cha masiku ano sichioneka. Onse anavomera msanga kwambiri. Kuyambira tsikulo ndimapeza singano yanga ili kale ndi ulusi pabowo. Sindinafunse amene amachita zimenezo, ndipo asayerekeze kundiuza. Nsaluyo yawonongeka mbali imodzi. Za maso anga nkhani yathera pomwepa. Musaifalitse kwa ana.

Tsopano za inu. Mwana wanu wandiuza pa foni kuti mwayamba kuyenda ndi ndodo, koma dzanja lamanja likadali lofooka. Wandiuzanso kuti mumakhala pawindo tsiku lonse osalankhula, ndipo munamuuza kuti sizasi yanu apatse ena chifukwa inu mwasanduka chiguduli. Mawu amenewo sindinakondwe nawo. Amayi athu sanatilere choncho. Ndipo ndikufunseni: ndi liti pamene inu ndi ine tinataya chiguduli?

Ndaganiza motere. Inu mumayang'ana nsalu n'kudziwa podutsa sizasi, osayeza n'komwe. Nzeru imeneyo sinali m'dzanja. Ine dzanja ndili nalo, ndipo ndi lolimba monga kale pamene ndinkakukokani nalo kupita kusukulu mukulira. Mudzakhala kumanzere kwanga, mudzaika chala cha dzanja labwinolo pansalu, ine ndizidzatsata chalacho ndi sizasi. Chala ndimachiona. Mukadzandikalipira pamaso pa anthu ndidzapirira, malinga musapyole muyeso.

Ndawauza amayiwa maganizo amenewa. Mayi a mapasa akupukuta m'maso, akuti ndi fumbi la thonje. Wailesi akuti, "Muwauze kuti mpando wawo sitinaukhalepo, ngakhale ndi wokhawo wosagwedera. Ife matako atha pa benchi." N'zoona. Ndinaletsa ndine.

Kunyumba chipinda chanu chili monga munachisiyira. M'mawa ndimatsegula windo kuti mulowe mphepo. Tiyi ndimathirabe makapu awiri. Ndi chizolowezi cha dzanja, musaganize zambiri. Nyumbayi yakula chichokereni inu, ndipo ndilibe wotsutsana naye.

Moni kwa mwana wathu ndi mkazi wake. Ndathokoza kuti akusamalani bwino, koma anakubwerekani chabe. Adzukulu muwauze azimvera.

Musayankhe ndi kalata, pakuti pangafunike wondiwerengera. Uzani mwana wanu akukwezeni basi ya Loweruka, akukhazikeni pampando wakutsogolo, ndipo sizasi aiike m'chikwama chanu. Ine ndidzaima pakhomo la depoti. Mukadzandiona, mudzandiitane ndinu.

Ndine mkulu wanu.