Kiyibodi ya Kadona

Lolemba, 10 Malichi

Kiyibodi yafa mbali imodzi. Kadona wagwetserapo mkaka m'mawa, mabatani onse akumanja zii. Kwa ena n'zazing'ono. Koma mwana wathuyu chidwalireni matenda oumitsa khosi aja salankhula, pakamwa pake ndi kompyuta yakale imene alamu anatisiyira. Akadina batani pamabwera chithunzi ndi mawu a mayi ake: madzi, njala, chimbudzi. Kumanja kwafako n'kumene kuli ziwalo za thupi. Ndipo chiyambire dzulo akungolira.

Lachiwiri, 11 Malichi

Mayi ake anati tidikire alamu abwere kumapeto kwa mwezi. Ine ndinati kabyuleta ya njinga yamoto ndimamasula tsiku lililonse kugalaja, ichi n'chiyani. Ndamasula, ndatsuka ndi petulo ndi kaburashi monga ndimachitira kuntchito. M'katimo muli kamphira kofewa. Katupa ndi petuloyo, kapindika ngati tsamba lofota. Zilembo nazo zafufutika. Tsopano ngakhale madzi sangapemphe.

Mayi ake anangotola tizidutswato n'kuika m'mbale. Bola akanandikalipira.

Lachitatu, 12 Malichi

Kuchipatala amupima malungo, alibe. Adokotala anafunsa kuti pakuwawa ndi pati, tonse tinangoyang'anana. Atipatsa mankhwala oletsa ululu.

Ndinaganiza zoti ndizimulozera zithunzi ndi mausi, iye azigwedeza mutu. Kamuvi ka pasikirini kangolumphalumpha. Ndachotsa kampira ka pansi pa mausiyo, timawilo tadzaza litsiro, ndapala ndi kamtengo ka machesi. Petulo ayi. Pobwezera waya wa mausi kumbuyo kwa kompyuta, mabowo ozungulira alipo awiri ofanana, lapepo ndi lobiriwira. Pulagi sinkalowa, ndinakankha ndi mphamvu. Timano ta pulagi tapindika, powongola kamodzi kathyoka.

Manja angawa.

Lachinayi, 13 Malichi

Sanadye. Akudzimenyetsa kukhoma, ukamugwira akuluma.

Lachisanu, 14 Malichi

Wokonza mafoni wa pakona anaseka, akuti kiyibodi za pulagi yozungulira zinapita ndi agogo ake. Wandibwereka yatsopano ya pulagi yaphwatalala. Ndalumikiza, ndayatsa, kompyuta yaima pa sikirini yakuda ndi mzere wa Chingerezi. Ndawaimbira alamu n'kuwawerengera chilembo chimodzichimodzi. Akuti ikunena kuti kiyibodi sikuiona, ndidine batani kuti ipitirire. Ndidine pati? Alamu anaseka, atamva kulira kwa mwana anasiya. Akuti makina akalewo safuna zatsopano, ndisake yakale, ndipo polumikiza ndizizimitsa kaye, yapepo kwa yapepo, osakakamiza.

Abwana kugalaja akuti ndikajombanso ndisabwererenso. Mayi ake andiuza kuti, “Bambo ake, ine ndatopa n'kungoganizira. Ndamugwira mimba, mano, paliponse akungolira.”

Loweruka, 15 Malichi

Ndajomba. Ndazungulira msika wonse, kiyibodi yakale ndaipeza kwa mkulu wogulitsa zitsulo zakutha, pansi pa mawailesi akufa. Yakuda ndi fumbi, mabatani ena kulibe. Ndangoipukuta ndi kansalu kouma. Ndazimitsa kompyuta, ndayang'ana timano bwinobwino, pulagi yalowa yokha. Poyatsa timagetsi tobiriwira taphethira.

Kadona ndinamukhazika pamiyendo, thupi moto. Anayang'ana nthawi yaitali, chala chili m'mwamba. Kenako anadina, mawu a mayi ake aja n'kumveka m'chipinda monse: khutu. Anadinanso. Khutu, khutu, khutu, osachotsa chala.

Ndinaunika ndi foni. M'katimo mafinya, kuseri kwa khutu kwatupa, kwalimba ngati mwala, tsitsi linabisa. Mayi ake sanadikire kuti ndilankhule, amubereka kale ali panjira. Ndikulemba izi pabenchi ya chipatala chachikulu. Adokotala atagwira chotupacho anaitana anzawo awiri, alowa naye, chitseko atseka. Nesi wabwera kudzafunsa kuti mwanayu wadya komaliza liti, akuti pafunika opaleshoni.