Uthenga wa Sikisi Koloko

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji masiku ano?

Kuno tilipo. Ndiyambe ndi zabwino, poti inu simunkafuna munthu woyamba kudandaula asanakhale n'komwe pamkeka. Rozina, mng'ono wanga, wachira mwezi wathawu. Ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Makutu ndi anu enieni, moti amalume a Dayisoni atamunyamula anatembenukira kukhoma kwa kanthawi. Nandolo wachita bwino kumunda wa kudambo, koma munda wa kumtunda uja tinausiya, chifukwa miyala imene napolo anatula m'menemo ina ndi yaikulu kuposa nkhokwe. Nyemba zija za kalongonda ndinayesa kuphika ndekha. Ndinathamangira kuphula, madzi n'kutaya kawiri kokha, ndipo nyumba yonse tinachita chizungulire mpaka madzulo. Ndinakumvani m'mutu mwanga mukuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, Edina, koma iwe unabadwa ukuthamanga."

Chimene ndalembera kalatayi ndi china.

Mukukumbukira muja kuchipatala anakupatsani mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, inu n'kumaiwala kumwa? Nthawi imeneyo n'kuti nditangoyamba ntchito paboma pa Phalombe, kulemba mapulogalamu a pakompyuta kugulu la alimi. Ndinakulemberani kapulogalamu kanu kanu, mizere yake yosakwana makumi atatu, n'kukaika pa kompyuta ina yakutali imene sizima. Ikakwana sikisi koloko m'mawa, kankatumiza pempho pa intaneti ku kampani yotumiza mauthenga a pafoni. M'pempholo munali nambala yanu, mawu oti mulandire, ndi kiyi yachinsinsi yosonyeza kuti wopempha ndine. Kampani inkayankha ndi nambala 200, kutanthauza kuti pempho lalandiridwa. Pakapita kamphindi, kapulogalamu kankatumiza pempho lachiwiri lofunsa ngati uthengawo wafika pafoni panu. Yankho linali limodzi mwa awiri, "wafika" kapena "sunafike", ndipo kankalemba zonsezi m'kaundula kake.

Nditakufotokozerani munandiyang'ana cham'mbali. "Ndiye kuti si iwe umalemba? Walemba ganyu chimakina kuti chizindilonjera?" Munatero, koma pamjigo azimayi onse anauona uthengawo, chifukwa munkawasonyeza inu nomwe, poti unkayamba ndi moni wam'mawa wa m'chiyankhulo chakwathu: "Mosheliwa, Amayi. Imwani mankhwala musanapite kumunda. Ndine mwana wanu."

Pali chinthu chimodzi chimene ndinalakwitsa dala. Pantchito yathuyi amatiphunzitsa kuti pempho likalephera uyesenso kawiri kapena katatu, ukudikirako pakati, kenako uleke. Ndi zomwe munkanena inu tikakutumikirani kwa anthu: "Odi sapitirira katatu. Akapanda kuyankha bwerera, eni nyumba ali ndi chifukwa chawo." Koma poti netiweki m'munsi mwa phiri la Michesi ndi yovuta, malire amenewo sindinaike. Ndinati kazibwereza tsiku lonse mpaka uthenga ufike, ndipo kukacha kayambirenso.

M'mawa umene phiri linatsika uja, kaundula akusonyeza kuti uthenga unafika sikisi koloko itangodutsa ndi mphindi ziwiri. Ndiye kuti nthawi imeneyo foni inali ili moyo m'kansalu kanu ka m'chiuno, inunso munali mulipo. Sindidziwa ngati munawerenga. Sindidziwa ngati munamwa mankhwalawo. A Dayisoni amati anakuonani mukupita kukamasula mbuzi, kenako kunamveka mkokomo ngati malole ambiri akubwera pamodzi. Tinakumba masabata awiri. Tinatsata mtsinje mpaka kumadambo, osapeza ngakhale mpango wanu. Pamapeto pake akuluakulu anadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'chitenje chanu chobiriwira chija, tinaika m'manda monga mwa mwambo. Dothi ndinaponya nawo, koma mtima wanga unkati tikukwirira nthochi basi.

Kapulogalamu kaja sindinakaimitse, Amayi. M'mawa uliwonse, ndisanasukusule n'komwe, ndinkatsegula kaundula. Pamwamba pankakhala 200, ndipo ngakhale ndinkadziwa bwino lomwe kuti ndi kampani chabe ikuvomera kuti yamva, nambala imeneyo inkandikhazika mtima pansi ngati kuti wina wayankha kuti "Lowani." M'munsi mwake, mzere pa mzere, "sunafike, sunafike, sunafike." Kunkamveka mbiri zoti ena anapezeka amoyo kutali, kutsidya ku Mozambiki, atasokonezeka mutu. Ndinkadziuza kuti tsiku lina wina adzakutchajirani foni. Mvula inagwa n'kukata, inagwanso n'kukata, ine ndili pomwepo.

Lachiwiri sabata yathayi ndinatsegula kaundula ndili ndi kapu ya tiyi m'manja. Panalembedwa kuti "wafika."

Tiyi ananditayikira pamwendo koma sindinamve kutentha. Ndinati mwina ndi pulogalamu yasokonezeka, choncho ndinalemba pempho lofunsa lija ndi manja anga, n'kulitumiza ndekha. Yankho linabwera lomwelo. Lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi chimodzimodzi. Ndinachita mantha, Amayi, ndisakubisireni. Kuntchito ndinkamva patapata wanu akubwera kumbuyo kwa mpando wanga dzuwa likuswa mtengo, ndikacheuka palibe munthu. Ndinkafuna kuti mukhale inu, komanso ndinkaopa kuti mungakhale inu. Kuimba ndinkalephera. Chala chinkafika pa dzina lanu n'kuuma.

Lachisanu ndinakwera kabaza kupita kwa Rozina ku Chiringa. Ndinamupeza pakhonde akuyamwitsa. Atamva anati, "Achemwali, imbani. Ngati ndi iwowo ayankha. Ngati ndi mzimu, uyankhenso, utiuze pamene anagona tikawatenge."

Ndinaimba. Foni inaitana, Amayi. Nambala imene kwa zaka ziwiri inkati sikupezeka inaitana kanayi, ndipo anayankha mayi wachikulire. Pakamwa panga panangotuluka kuti, "Amayi?" Kenako ndinamva munthu akulira.

"Ndiwe ndani, mwana iwe? Ukundifuniranji?"

Anali mayi wa ku Kasungu. Anagula laini yatsopano masiku angapo apitawo, n'kupatsidwa nambala yanu, monga zimakhalira nambala ikakhalitsa osagwira ntchito. Zimenezi ndinkazidziwa, ndi ntchito yanga, koma masiku atatu onsewo sizinandibwerere m'mutu. Mayiwo anaika m'manda mwana wawo wamkazi m'dzinja lapitali. Ndiye m'mawa uliwonse sikisi koloko foni yawo inkalira, uthenga wochokera kopanda nambala yoti n'kuimbako, ukuwatchula kuti Amayi, ukuti ndine mwana wanu. Foni anaitulutsa m'nyumba, inkagona m'nkhokwe. Anthu a mpingo anabwera kudzaipempherera.

"Ndimati ndi Tadala wanga akundiitana," anatero. "Chonde mwanawe, ngati ndiwe munthu, leka."

Ndinapepesa, ndinafotokoza za inu, tinalira tonse awiri, anthu osadziwana. Masiku onsewa ndinkaopa kuti mzukwa ndinu, chonsecho amene ankayenda m'mamawa kukagogoda pakhomo pa mayi wosalakwa ndinali ine. Manyazi anandigwira kwambiri. Rozina anangondipatsa mwana kuti ndimunyamule.

Masana omwewo ndinabwerera kuboma. Ndinafufuta mzere umene unkadzutsa kapulogalamu kaja, ndipo kiyi yachinsinsi ija ndinaithetsa, podziwa mtima wanga kuti ungadzandinyengenso. Pa zonse ndasungako tsamba limodzi lokha la kaundula, la m'mawa womaliza uja, pamene palembedwa kuti unafika kwa inu. Ndalisindikiza, lili m'buku lanu la nyimbo limene munaiwala kwanga.

Zinandiwawa kuposa tsiku la maliro, chifukwa tsiku lija ndinali ndikadali ndi pothawira. Tsopano ndavomera kuti simuli ku Mozambiki, simuli kuchipatala, palibe amene adzakutchajireni foni. Odi wanga anapitirira katatu kalekale, ndipo mwina nanunso ndakhala ndikukusowetsani tulo.

Loweruka likubwerali tipita kumanda, ine, Rozina ndi kamwana kokhala ndi makutu anu, amalume akatitsogolera. Kuyambira tsiku la maliro sindinapondeko, ndipo ndikamanena malowo ndimati "pa nthochi paja." Ndikulonjeza kuti ndikasesa, ndikazula udzu ndi manja anga, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndidzati "pa Amayi." Kalongondanso ndidzaphika mofatsa, ndidzataya madzi monga munkachitira.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwabasi. Mawa ikakwana sikisi koloko palibe chimene chidzalire. Sindikudzutsaninso. Gonani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Edina