Si Munga wa Nsomba, Achemwali

Okondedwa achemwali anga a Goring,

Landirani moni kuchokera kuno ku Iloilo. Kodi mawondo aja akukulolani kufika kutchalitchi? Ine thupi lili bwino, koma mtima ukuwira, ndipo mwa anthu amene akusonkhezera motowo muli inu.

Mdzukulu wanga Jenalyn akadali m'chipatala. Waonda moti diresi la kusukulu lija likungolendewera ngati lapachikidwa pamsomali. Njala ali nayo. Amayang'ana mbale za anzake mpaka ine kuchita manyazi. Koma akati adye phala la mpunga, amaimirira, kukweza manja, kumwera madzi, kudumphadumpha, kenako phalalo n'kubwerera mmene linalowera.

Madokotala anamumwetsa madzi oyera ngati laimu n'kumujambula. Chithunzicho ndinachiona ndi maso angawa. Njira ya chakudya yafufuma kumtunda ngati thumba, kunsi yasongoka ngati mlomo wa mbalame. Akuti polowera m'mimba pamayenera kutseguka munthu akameza, koma pa iyeyu pamangokana. Ndinawafunsa za munga wa nsomba ya bangus uja mumati unamuima pakhosi. Anati palibe munga. Ndinafunsanso, poopa kuti mudzati Pasing safunsa bwino. Dokotala wake, kamtsikana koti ndingakabereke kumbuyo, kanandigwira dzanja n'kundiuza kuti ngakhale mwanayu akanakhala wosalawapo nsomba chibadwire, akanadwalabe.

Tsono nkhani ndi iyi. Akufuna kumuchita opaleshoni kuti amasule pothinapo, koma akuti mawu a agogo sakwanira, abwere bambo ake adzavomere. Mayi ake ku Qatar anavomera kale pafoni, akulira. Koma Rodel, mwana amene ndinabereka ndekha ine, akukana. Akuti mwana wake sangang'ambidwe chifukwa cha munga, poti amayi ake aakulu anamuuza kuti watsala pang'ono kutsika. Amayi aakuluwo ndi ndani ngati si inu?

Ndikudziwa kuti munabadwa motsogoza miyendo. Chilumba chathu chonse cha Guimaras chikudziwa, simulola munthu kuiwala. Ndikudziwanso kuti wobadwa chotero akasisita pakhosi munga umachoka, ine ndemwe munandipulumutsa paukwati wa m'bale wathu Tasing. Koma mwanayu mwamusisita kuyambira nyengo ya mango mpaka mvula yatha. Munafika pobwereka mphaka wa aneba kuti mumusisite ndi phazi lake! Mphakayo ananenepa ndi mitu ya nsomba imene munkamunyengerera nayo, mwana n'kumangotha.

Dzulo Jenalyn anatsamwa ali chigonere, nkhope n'kuda. Adokotala akuti zobwererazo zikamalowa m'mapapo, tidzayamba kulimbana ndi chibayo. Ndinamuimbira Rodel, iye n'kundiyankha kuti ndimalongolola. Inde ndimalongolola, nanga ndiziimba?

Pempho langa ndi limodzi. Tsikirani kugombe Rodel akamakocheza bwato, mumuyang'ane m'maso, mumuuze kuti apa manja anu alephera. Inu amakumverani. Ndikudziwa mawu amenewo akutsamwani kuposa munga, koma mezerani madzi monga amachitira Jenalyn. Mumukweze boti lobwera kuno, asachite kupita kunyumba kukasintha malaya, kununkha nsomba si mlandu.

Mwanayu akatuluka ku opaleshoniko, bwerani mudzamusisite mmene mungafunire. Ndidzaima pakhomo la tchalitchi n'kuuza aliyense kuti ndi manja a Goring amene anachiritsa mwana. Ulemuwo tengani wonse, ine sindiufuna. Ndikufuna kuona chakudya chikulowa osabwerera.

Moni kwa alamu anga a Doming, muwauze asiye fodya. Moni kwa mpongozi wanu Luzviminda ndi ana, ndi kwa achimwene a Berto ngati akumvabe. Jenalyn akuti mumusungire mpunga womata wokulunga m'masamba uja, akuti adzadya yekha osagawirako munthu. Ndamuuza kuti muusunga. Musandisandutse wabodza.

Ndine mng'ono wanu wa pakamwa,
Pasing