Moto wa m'khitchini mwanu

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumeneko? Ife kuno tiliko ndithu. Mchemwali wanga Patuma anachira mwezi watha ku Nselema, mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Mphuno ndi yanu yomwe ija, kalilidwe kakenso n'kolamula. Achimwene akadali ku Joni, amaimba foni mwa apo ndi apo. Ine ndikuphunzitsabe Sitandade 6 ku Liwonde kuno.

Koma pali nkhani imene ndikufuna muimve kwa ine mwini. Musayambe kukalipa ndisanamalize.

Titangokuikani m'manda mu Juni, mphunzitsi mnzanga anandiikira gemu mufoni kuti ndiziiwalako. Ndikudziwa mukuseka, mayi wa ana atatu kumasewera gemu. Mmenemo amakupatsa kamunthu n'kukaponya m'dziko lozizira ngati m'firiji, kali kokhakokha. Iwe uzikatolera nkhuni, uzikasakira chakudya, uzikasonkhera moto. Moto ukazima kamafa ndi chisanu. Kakadya nyama yosapsa kamafa. Kakapita patali kofuna nkhuni, zilombo zonga agalu zimakagwira. Ndipo kakafa, zonse zimene unasonkhanitsa zimapita, umayambiranso chimanjamanja. Sabata yoyamba ndinkaponya foni pampando n'kulumbira kuti basi ndasiya, koma ndisanamalize kutsuka mbale ndinkapezeka ndaitolanso.

Chimene chimakoka munthu n'chakuti ukafa umaona pamene walakwitsa, ndiye umati ulendo uno sindibwereza. Mmenemo imfa iliyonse ili ndi chifukwa chooneka. Yanu ija mpaka lero sindikuimvetsa, munangoti mutu, masiku anayi basi. Pofika Okutobala ndinali katswiri, ndinasunga moto masiku makumi anayi a mugemumo osazima, ndipo ndinanyada ngati ndakhoza mayeso.

Mukukumbukira kuchipatala kuja munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Uzikasonkha moto m'khitchini mwanga, ngakhale kamodzi pasabata." Ndinavomera, koma mumtima ndinkati ndi matenda akukuyankhulitsani. Moto wa chiyani pakhomo popanda munthu? Komabe Loweruka lililonse ndinkakonzeka kuti ndikwere minibasi ya ku Ulongwe, ndikapeze kabaza wa ku Kalembo. Loweruka lililonsenso ndinkati ndiyambe ndapezera kamunthu kanga nkhuni, pomadzidzimuka dzuwa lapendeka. Miyezi isanu inatha ndisanapondeko kumudzi.

Mvula yoyamba itagwa m'pamene ndinapita, kukatenga mbewu. Ndinatsegula khitchini, ngala zija munamangirira kudenga pamwamba pa mafuwa zinali pompo. Ndikunena chimanga cha makolo chimene munachoka nacho kwa agogo ku Chiuta pokwatiwa, chija munkati, "Chakusitolo n'cha chaka chimodzi, changachi n'cha mtundu wonse." Nditagwira ngala yoyamba, ufa unandiwazikira kumaso. Anankafumbwe anali atalowerera.

Ndinakhala pansi, Amayi. Simunkafuna moto, munkafuna utsi. Mwana aliyense wakumudzi amadziwa kuti utsi ndi umene umaingitsa anankafumbwe pambewu, inenso ndinakulira m'khitchini momwemo maso akuwawa. Koma mutu wanga unali pamoto wa mufoni. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo ndinalira kuposa tsiku la maliro anu.

Kenako ndinachita monga munkachitira. Ndinatong'ola ngala zonse n'kuthira m'beseni la madzi. Zoyandama ndinapatsa nkhuku za aneba. Zomira sizinadzaze n'komwe manja awiri. Ndinazibzala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chulu paja pamene munkati nthaka yake siinama. Pa mapando makumi asanu ndi limodzi, amera khumi ndi asanu ndi anayi okha.

Mbewu yanu yonse padziko pano ndi imeneyo. Ndinafunsa Patuma, anati yake anaidya chaka cha njala chija. Tsopano mvula yadula, lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi, ndipo dzuwa la ku Balaka mukulidziwa. Ndikumapita Lachitatu tikaweruka ndi Loweruka m'mawa, ndimatunga madzi pamjigo n'kuthirira phando lililonse ndi kapu. Ndimawerenga pofika, ndimawerenganso pochoka. Dzulo anali akadali khumi ndi asanu ndi anayi, ngakhale awiri masamba ayamba kufota. Onsewa akauma palibe batani loti ndidine kuti tiyambirenso.

Sindikunamizani kuti gemu ndinaichotsa. Ikadali mufoni. Kamunthu kanga kaja kanafa pa tsiku la makumi anayi ndi atatu, ndinakasiya panja pothamangira minibasi, ndipo zinandiwawa ndithu. Ndimaseweranso pang'ono m'minibasimo, koma ndikangotsika pa Ulongwe foni imalowa m'chikwama.

Dzulo nditamaliza kuthirira ndinalowa m'khitchini mwanu n'kusonkha moto. Kudenga kulibe kanthu, zingwe zokha zikulendewera. Ndinakhala pampando wanu mpaka utsi unadzaza n'kuyamba kutulukira m'maudzu, kuti denga lisaiwale ntchito yake.

Ndikulonjeza kuti zimene zipulumuke, ngakhale ikhale ngala imodzi, sitidzaotcha kapena kuphika. Ndidzaimangirira pamalo pake, ndipo moto sudzadumpha sabata. Mdzukulu wanu watenga dzina lanu, ndikufuna adzalawenso phala la chimanga chanu.

Ndimakukondani ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Asiyatu