Chidulo mu Rameni wa a Kazuko

Lolemba, 11 Juni 1979, 3 koloko masana

Ndakhala pakhonde ndi kope lakale la Anjelina, mdzukulu wanga. Kukuzizira. Zilembo zanga ndi za Sitandade 2, koma woziwerenga ndine ndemwe.

Tangochokera kuchipatala. Anjelina mwezi wake ndi wamawa, ndipo mwana wakhala chopingasa. Woyamba uja anakhalanso choncho, tinakamuika asanalire n'komwe. Nthawi imeneyo kunalibe mzamba wodziwa kutembenuza mwana m'mimba. Pano alipo, a Kazuko, mtsikana wa ku Japani, koma ndi amenenso agona. Malungo anawasiya sabata yatha, chakudya ndiye akukana. Phala ayi, mbatata ayi. Mikono yatsala ngati mapesi. Akuluakulu awo ku Lilongwe atumiza mawu: Loweruka kubwera galimoto, akawapeza chomwechi awatenga, azipita kwawo.

Ndawafunsa a Kazuko, “Kodi mukufuna kufera kwa eni? Pakamwa panupo pakufuna chiyani?” Aseka pang'ono, akuti rameni. Ndati ndi nyama yanji imeneyo? Ajambula papepala: mbale, m'katimo tizingwe ngati nyongolotsi. Ufa wa tirigu, dzira, mchere, msuzi wa mafupa a nkhumba. Basi. Munthu wamkulu kuwondera nyongolotsi.

Si chifundo ayi. Ine ndikufuna manja awowo.

Lachiwiri, 12 Juni

Ku Mayani. Pachipata cha msika, achinyamata a chipani: “Khadi, agogo.” Ndamasula pansonga ya chitenje. Mmodzi wa iwo ndinamusambitsa ndine ali wakhanda, lero akuyang'ana khadi langa chozondoka.

Mafupa ndatenga kwa a Gervazio, opha nkhumba aja. “Mwaweta galu, mayi?” Ndati eya, nkhope yake ngati yanuyo.

Kenako ndalakwitsa. Ndalowa m'sitolo ya a Kassimu mafupa ali m'dengu, kuiwala kuti ndi Asilamu. Mphuno zawo sizinaiwale. “Amayi, tikulemekezana. Dengulo panja.” Ndakalipachika pamtengo. Iwo akundipimira ufa, ine maso ali pa agalu.

Lachitatu, 13 Juni

Kukanda, kupsinja ndi botolo pa thabwa, kucheka ndi mpeni. Msana. Mafupa ali pamoto chiyambire m'mawa, nkhuni zake ndikanaphikira nyemba katatu. Tizingwe ndatiphika bwinobwino, poti chakudya cha wodwala chizipsa. Kuvundukula, phala lokhalokha.

Ndapita nalo chomwecho. A Kazuko alawa kamodzi, aweramitsa mutu kuthokoza, kawiri, katatu, mbale aikankhira uko. Ulemu wambiri, kumeza kochepa.

Chichewa chawo chija: “Moto pang'ono, agogo. Werengani mpaka handiredi, chotsani.” Akutinso kwawo pokanda amathira madzi ena ake, owawa, oterera pazala. Ufa umasanduka wachikasu, zingwe zimalimba. “Kuno palibe,” atero, n'kutembenukira kukhoma.

Phalalo adya a Gervazio, anabwera kudzaona galu.

Lachinayi, 14 Juni, m'mawa

Kuno palibe, akutero.

Ndimafuna kuphika therere. Phulusa la zitsononkho lili m'kachitini kanga koboola, madzi akudontha m'chikho monga masiku onse, chidulo chathu chomwechi. Ndaviika chala. Kuterera. Ndalawa. Kuwawa. Ndakhala kaye pansi.

Anjelina: “Agogo, mukufuna kupha mlendo wa boma? Atitsekera tonse.” Ndati iwe samala mimba yakoyo, phulusa lisiyire ife tinabadwa kale.

Masana

Ndathira chikho chonse. Ufa wasandukadi wachikasu, ndinatsala pang'ono kululutira. Koma kuphika, fungo la sopo, lilime kuyabwa. Ndataira nkhuku, nkhuku zayang'ana n'kuchoka. Ufa watsala theka.

Anjelina anagwira mzati wa khonde nthawi yaitali, maso ali pansi. Kenako zopweteka za m'mimbazo zasiya.

Lachisanu, 15 Juni

Lero ndachita mwanzeru. Timibulu titatu palichero: koyamba supuni imodzi ya chidulo, kachiwiri ziwiri, kachitatu zitatu. Koyamba kaduka. Kachitatu ndi sopo uja. Kachiwiri ndakakoka, kakubwerera kokha ngati mphira ya legeni. Ndiye supuni ziwiri pa makapu awiri a ufa.

Za handiredi zija, ine ndikafika m'masikisite ndimasokera. Anjelina wawerenga mokweza, ine ndikupemphera chamumtima, tapeza kuti ndi Tikuoneni Maria zisanu ndi ziwiri. Ambuye andikhululukire, koma wotchi yake ndi yabwino.

Ndakaphikira kuchipatala komweko, pamafuwa a odikirira odwala, kuti zisafewere panjira. Amayi andiunjirira. Wina akuti, “Ndi mankhwala a njoka za m'mimba?” Wina, “Agogowa ayamba kuluka nkhata zodya.” Ine ndinali pa Tikuoneni wachinayi.

Ndapereka monga amaperekera munthu aliyense wolongosoka: zingwe mbale yake, msuzi mbale yake ngati ndiwo, madzi osamba m'manja pambali. A Kazuko anunkhiza. Adzuka okha, popanda wowagwira. Madzi osamba sanawaone n'komwe. Atenga msuzi wonse, khuthu pazingwe. Pansi pa pilo atulutsa timitengo tiwiri ndi kabotolo ka madzi akuda, akuti ndi a soya, adontheza. Atola chingwe chimodzi, achiyang'ana padzuwa, achiluma.

Kenako phokoso. Fyuu! Fyuu! Mpaka odwala a chipinda china kusuzumira. Akanakhala mwana wanga ndikanamugogoda ndi chipande. Akudya, misozi ikugwera m'mbale, mamina omwe.

Adya theka lokha. Galimoto ndi mawa.

Loweruka, 16 Juni

Ufa wotsala ndaukanda wonse dzuwa likutuluka. Ndawonjezera dzira lowiritsa ndi anyezi wamasamba, monga zinalili papepala lija. Lero zingwe ndi msuzi mbale imodzi, ndaphunzira. Anjelina wayenda nane, kupumira pamwala uliwonse.

Galimoto yafika cha m'ma 10. Mwatuluka bambo wa Chijapani wamagalasi, ndi dalaivala wa ku Ntcheu. Apeza a Kazuko ali pakhonde, bulangete m'mapewa, mbale yachiwiri ili pamiyendo. Bamboyo waima. Mphuno yake yagwira ntchito ngati ya a Kassimu. Alankhulana chakwawo nthawi yaitali, iye akuloza mikono yawo, iwo akuloza mbale. Ine mawu sindikuwamva, koma kukana kumamveka m'chilankhulo chilichonse.

Kenako a Kazuko amupatsa timitengo tija. Walawa. Wakhala pansi, pasimenti pozizira, ndi buluku lake lositalo. Fyuu! Kuposa a Kazuko. Ndiye kuti ndi mtundu wonse.

Wafunsa kudzera mwa dalaivala kuti madzi ake okandira ufa ndinawagula sitolo iti, ku Blantyre kapena kunja. Ndamulozera mulu wa zitsononkho kuseri kwa khitchini, mbuzi ili pamwamba. Dalaivala waseka mpaka kugwira tayala. “Mayi, ndiwauze chomwecho?” Ndati muwauze, ndipo muwauzenso kuti mbaleyo ndi ya wodwala, abweze.

Wabweza, itatsala msuzi wokha. Walemba m'kabuku kake. Akuti adzabweranso kumapeto kwa Julayi. Galimoto yapita ndi anthu awiri omwe inabwera nawo.

A Kazuko asamba m'manja tsopano, atatha kudya, mwina ndi mwambo wakwawo. Awotha manjawo pambaula, aitana Anjelina kuti akagone pabedi. Ine ndatsala panja ndikutsuka mphika. Pawindo ndamva, “Mutu uli apa. Tiyamba Lolemba, pang'onopang'ono.” Anjelina akuti, “Manja anu afunda.”

A Kazuko akufuna muyezo wa chidulo wolembedwa. Ndaulemba patsamba lomaliza: zitsononkho zouma, kachitini koboola, supuni ziwiri, Tikuoneni zisanu ndi ziwiri. Anjelina, ndikudziwa kuti umawerenga kope ili ndikapita kudimba. Ng'amba tsambalo bwinobwino ukawapatse Lolemba, iwonso akapatse wamagalasi uja. Masamba enawa usawaonetse, ndawanena kwambiri.