Nkhope ya Mayi pa Makhadi

Lachiwiri, 14 Meyi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi.

Ndakhala ndikukunamizani. Kuno sindijambula makalendala monga ndinauzira Mayi. Ndimajambula makhadi pa kompyuta, a njuga enieniwo, onga aja Mayi anawotcha atawapeza m'jekete la malemu Bambo.

Mwezi watha bwana anati, "Makwini akalewa, mafumukazi a pa makhadiwa, atopetsa. Tijambulire nkhope yatsopano, ya munthu weniweni." Masiku atatu ndinangokhala ndikukanda m'mutu. Tsiku lachinayi dzanja linangoyenda lokha. Pa ntchito yathuyi umajambula theka la munthu, kenako kompyuta imatembenuza chithunzicho kuti khadi likhale ndi mitu iwiri, wina m'mwamba wina pansi. Nditatembenuza, mayo ine! Mayi awiri akundiyang'ana, ndi mpata wa m'mano uja, ndi chipsera cha pachibwano chomwe.

Ndikanafufuta pomwepo, koma bwana anali ataima kumbuyo kwanga, akuomba m'manja. Ine, chitsiru, ndinasekerera, poti chilowereni ntchito anali asanandiyamikirepo.

Ndapitako kawiri kukapempha kuti tisinthe. Akuti, "Madzi akatayika saoleka, iwe. Tasindikiza kale, ndipo unasaina wekha kuti chilichonse wajambula muno n'cha kampani." Ngakhale nditasiya ntchito lero, makatoni ali mbwee mosungira katundu, ndipo lole yopita kwanuko inyamuka Lachisanu.

Dzulo pa nkhomaliro anzanga a ku makina osindikizira anatsegula paketi imodzi n'kuyamba kusewera. Wina anawamenyetsa Mayi patebulo, phaa, n'kumati, "Nkhalamba iyi sindiisiya, siigwiritsa mwala!" Onse kufa nazo nseko. Ine ndinakadzitsekera m'chimbudzi mpaka belu litalira. Manyazi akundipha, Achemwali, ndipo ndilibe kothawira.

Chonde, mukudziwa kuti amalume sachoka pakhonde la golosale, kusewera makhadi ndi anzawo aja. Mukawaona ndi paketi yofiira, ndiyo yathuyo, muwalande, muwagulire ina, asakaionetse kunyumba. Ndikudziwa kuti simungalande dera lonse, koma yesaniko.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Mayi muwauze kuti ndili bwino ndipo ndikudya mokwanira. Akafunsa kuti ndibwera liti, munene kuti tchuthi sanandipatse. Anandipatsa, Achemwali, masabata awiri athunthu. Koma ndikawayang'ana ndi maso ati?

Ine mlongo wanu,
Mzime uja